Giya Yodumpha M'mawa Inandigwetsera Keke ya Ukwati

Ndinalakwitsa ndekha, sindinamizira munthu. Galimoto yanga inandichenjeza nyengo yonse yozizira, ine osalabadira.

Ndimakhala ku Chimwankhunda ndipo ndimaphika makeke a maukwati. Kagalimoto kanga ndi ka otomatiki, kaja kosintha magiya kokha. Chiperoni chitayamba mu Juni, kanayamba khalidwe lachilendo. M'mawa ndikaika pa D kankayamba kazengereza, kenako gu! ngati wina wakagunda kumbuyo. Panjira injini inkalira kwambiri giya isanagwire. Koma pofika m'tauni katatentha kankayenda bwinobwino, ine n'kuiwala. Mnzanga wina anati ndingowonjezera oyilo. Ndinagula wa m'botolo lopanda dzina m'mbali mwa msewu ku Limbe, n'kuthira osafunsa kuti ndi wamtundu wanji.

Loweruka lina ndinanyamula keke yosanjikiza kupita nayo ku holo ina ku Limbe. Ndinali nditachedwa, ndiye ndinangoliza injini n'kunyamuka. Pachitunda chotulukira kwathu galimoto inakoka, inakoka, kenako inadumpha mwamphamvu. Kumbuyo ndinamva phwa! Gawo lapamwamba la keke linali litagwera pampando, maluwa a shuga ali phala. Ndinakonza zomwe ndikanatha, koma mayi a mkwatibwi ataiona anangondiyang'ana. Mpaka lero banja limenelo silinandiitanenso.

Anthu ankati giyabokosi yatha, ndiichotse ndiikemo ina. Amene anandiletsa ndi alamu anga, Che Asani a ku Chinyonga, omwe akhala akuyendetsa malole opita ku Beira kuyambira ndili mtsikana. Nditawafotokozera pafoni anati, "Alamu, mawa musailize. Ndikufuna ndiipeze yozizira."

Anafika kutangocha, akuchokera ku mzikiti. Sanagwire sipanala. Anayamba ndi mafunso: zinayamba liti, imadumpha pa giya iti, ikatentha imasiya? Anagwada n'kuyang'ana pomwe ndimaimika, ndipo anaona madontho ofiirira omwe ine ndinkangowakwirira ndi mchenga. Kenako anaiyendetsa atathimitsa wailesi, mutu atapendeka ngati akumvetsera chifuwa cha mwana wodwala. Sindinaonepo munthu akumvetsera chitsulo mwaulemu chotero.

Itatentha anaiimika pamalo osatsetsereka, injini ikulirabe. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi n'kukapukutira pansalu yoyera. Oyiloyo anali wochepa komanso wakuda. Anandinunkhitsa nsaluyo n'kunena kuti, "Inu ophika, fungo ili mukulidziwa." Linali fungo la chopserera.

Nditaulula za botolo la ku Limbe sanandikalipire. Anandifotokozera modekha kuti kukazizira oyilo amalimba, ndiye akakhala wochepa, wakale kapena wolakwika, sayenda msanga mkati, n'chifukwa chake giya imachedwa kenako n'kugwira mwadzidzidzi. Anatsata madontho aja mpaka anapeza kapaipi kong'ambika pafupi ndi rediyeta. Ananditengera kwa makaniko amene amamukhulupirira, ndipo anaima pomwepo mpaka kapaipi ndi sefa zitasinthidwa, makanikoyo n'kuthiramo oyilo woyenera mtundu wa galimoto yanga. Che Asani sanandilonjeze zambiri. Anati ikapitiriza tikaiyezetsa pa kompyuta, chifukwa mwina mkati munapweteka kale.

M'mawa mwake anabweranso, ngakhale anali ndi ulendo tsiku lomwelo. Anandiuza ndilize injini, ndidikire pang'ono, ndiponde buleki, kenako ndiike pa D. Giya inalowa mofewa moti ndinayang'ana kawiri kuti nditsimikize. Iwo anangogwedeza mutu, n'kuthamangira minibasi, tiyi osamwa.

Kukazizira kwambiri kagalimoto kanga kamanjenjemerabe pang'ono. Chimenecho ndi chipsera cha kuchedwa kwanga, ndipo makaniko akuti sichidzatha.

Inu owerenga, galimoto ikamadumpha m'mawa n'kusiya masana, musanene kuti yachira. Yang'anani pansi pomwe mumaimika. Onani mtundu wa oyilo, mumununkhize, ndipo musathire chilichonse chimene simukuchidziwa dzina. Musalolenso munthu kumasula giyabokosi asanaiyendetse yozizira. Ine ndinataya keke ndi mbiri yanga pabanja limodzi. Koma pachitunda chija m'mawa pamadutsa ana asukulu, ndipo tsiku limenelo ndinangopulumuka kuwagunda chifukwa linali Loweruka.