Anandikhomera ku Isando, Penti wa Ana Ndikumuona ndi Maso

Anthu inu, Lachisanu la sabata yatha sitolo ina ya ku Isando inandikhomera m'kachipinda ngati mbuzi, antchito onse n'kupita kwawo. Sindinabe. Sindinatukwane munthu. Ndinangopita kukatenga penti wa ana amene ndinalipira kale. Ndikulemba m'kapepala kathu ka kutchalitchi kano kuti wa ku Kempton ndi wa ku Tsakane yemwe amve, chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa kuti kamsasa ka ana ka zojambulajambula kaja kanatha bwanji. Imvani mmene kanathera.

Kwa amene simundidziwa, ndine amake Tadala. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Kempton Park, ndipo Lamulungu ndimaphunzitsa ana ku Sande sukulu ku Tsakane. Kujambula ndinayamba ndili mtsikana kwathu ku Ntcheu. Tchuthi cha nyengo yozizira ino ndinati ana athu asamangozungulira m'misewu, tiwasonkhanitse masiku atatu. Loweruka ajambule ndi pensulo, Lolemba aphunzire kusakaniza mitundu, Lachiwiri apente chinsalu chachikulu choti makolo adzaone. Amayi anzanga anadula malaya akutha kukhala maepuloni. Tinatsuka timabotolo toikamo madzi. Abwana anga aakazi anandipatsa mabulashi akale a ana awo, ndi tchuthi chomwe. Holo tinapempha, anatilola, amvekere kiyi mukatenge kwa woyang'anira Lachisanu isanakwane folo koloko. Chinatsala ndi penti, mapensulo ndi mapepala akuluakulu basi.

Sitolo ya ku Isandoyo imagulitsa zipangizo za sukulu mopikulitsa. Ndinakalipira milungu iwiri m'mbuyomo, ndi ndalama zimene makolo anasonkha. Anati ndibwere Lachisanu thwelofu koloko, ndidzapeza zonse zili m'mabokosi.

A Tembo, bambo wa ku Chipata wa m'kwaya yathu, anadzipereka kunditenga pa kagalimoto kawo ka katundu. Tinafika thwelofu isanakwane. Pageti mlonda anati galimoto yopanda chizindikiro cha kampani siyilowa. Chabwino. A Tembo anaimika panja, ine ndinalowa wapansi.

Pakauntala ndinapeza mtsikana ali pafoni, akuseka. Ndinaima. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kuseka. Atamaliza anangoloza ndi cholembera kuseri, kumene amatulutsira katundu. Kumeneko ndinapeza mwamuna wa ovolosi ya buluu. Analanda lisiti langa osandiyang'ana kumaso, anatsegula kachitseko ka waya, n'kunena kuti ndikhale mmenemo pabenchi, mphindi zisanu zokha. Kachitsekoko kanabwerera kokha kumbuyo kwanga, kha! Sindinaganize kanthu. Kodi munthu wolipira kale amaopa chitseko?

Mphindi zisanu zinadutsa. Ola linadutsa. Wani koloko belu lalikulu linalira, ndinamva mapazi ndi phwete, ndinati kaya ndi nthawi ya nkhomaliro. Kenako magetsi anazima. Kenako chitseko chachikulu cha malata chinatsika, chikulira ngati sitima. Kenako zii.

Palibe amene anandiuza kuti Lachisanu amaweruka wani koloko. Palibe!

Ndinagwira kachitseko kaja. Mkati kalibe chogwirira, kamatsegulidwa ndi munthu wa kunja yekha. Ndinagwedeza. Ndinakuwa m'Chingerezi, ndinakuwa m'Chizulu changa chothyokathyoka, ndinakuwa m'Chichewa. Amene anandiyankha ndi malata.

Maso atazolowera mdima, ndinaona mabokosi awiri pakangolo kuseri kwa waya, dzina langa litalembedwa ndi inki yakuda. Anali atalongedza kale! Mkono wanga ukanatalika pang'ono ndikanawakhudza. Ndiye kuti wa ovolosi uja anakankha katundu kufika pakhomo penipeni, n'kumva belu, n'kumusiya pomwepo pamodzi ndi mwini wake. Kaya basi yake inali yofunika kuposa munthu.

Inu mukukudziwa kuzizira kwa kuno mwezi uno. Chisanu cha simenti chinkalowera kumapazi mpaka m'mafupa. Chimbudzi munalibe. Munali benchi, chitini chopanda kanthu pakona, ndi kazenera ka zitsulo pamwamba pafupi ndi denga. Za chitinicho musandifunse. Ndine mayi wa mwana, ndipo zinandichitikira.

Ndinakwera pabenchi, ndinanyanyamphira, ndinafika pakazenera. Patali ndinkaona geti, ndi a Tembo akuyenda uku ndi uku manja ali m'thumba. Ndikati ndikuwe, ndege. Paja bwalo la ndege lili pomwepo. Ina ikatera ina ikunyamuka, mawu anga n'kumezedwa. Ndinavula mpango kumutu, ndinautulutsa pakati pa zitsulo, ndinayamba kuukupiza mpaka mkono unachita dzanzi.

A Tembo anandiuza pambuyo pake kuti anali atamufunsa mlonda kangapo konse. Iye ankangoti mkati mulibe munthu, onse atuluka, mwina mayi wanuyo wadzera geti lina, wakuthawani madala. Ankaseka. Mpangowo ndi umene unathetsa nthabwala.

Mlonda anabwera pansi pa zenera. Funso lake loyamba? "Mwalowa bwanji mmenemo, mama?" Ndinati ndinadutsa pamphuno panu masana ano, ananditsegulira geti ndinu. Anati iye makiyi a mkati sasunga. Anati njira ilipo imodzi yokha, aitane pa wayilesi anyamata a mfuti a kampani yawo, koma amenewo akapeza munthu m'nyumba yotseka kawirikawiri amaitana apolisi. Apo ayi ndidikire Lolemba.

Ambiri a inu mukudziwa mmene mapepala athu alili. Chidindo cha m'pasipoti yanga chinatha, chatsopano ndikudikirabe. Apolisi akabwera sangafunse za penti. M'maso mwanga munabwera chigalimoto chachikasu cha apolisi chija, ndi ulendo wa kumalire. Komanso Tadala wanga, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndinamusiya kwa aneba nditamulonjeza kuti ndibwera dzuwa lisanalowe. Ndigone mmenemo mpaka Lolemba, wopanda madzi, wopanda bulangete, mwana osadziwa kumene mayi ake ali?

A Tembo anakuwa ali pampanda. "Amake Tadala, dikirani kaye, ndikayese foni!" Pageti pali chikwangwani cholembedwa nambala ya sitoloyo. Anathamangira ku foni ya makobiri pamalo omwetsera mafuta, n'kubwera ali wefuwefu. Anati ikungolira, ikungolira, kenako kuyankha makina. Sananame. Inenso ndinkaimva ikulira pakauntala, kuseri kwa khoma.

Folo koloko inakwana ndili chiimire pabenchi. Ndinadziwa kuti kiyi wa holo wapita. Ndinatsika, ndinakhala pansi, ndinalira pang'ono. Kenako ndinakweranso n'kuuza mlonda kuti aitaneni, chimene chichitike chichitike.

Anabwera awiri, ndi galu. Nawonso makiyi analibe! Kampani yolondera nyumba, kiyi wa nyumbayo osamudziwa. Anandiunika ndi tochi pazenera ngati fisi wogwidwa m'khola, n'kuimbira bwana wa sitolo. Bwanayo anafika hafu pasiti faifi, atavala kabudula m'chisanu chonsecho, akumveka fungo la nyama yootcha ndi mowa. Anatsegula. Ndinadikira "pepani". Mawu ake oyamba anali akuti aone m'chikwama mwanga.

Anakhuthulira zonse pasimenti. Kabuku ka nyimbo, chipeso, chidutswa cha sikono. Mmodzi wa anyamata a mfuti aja anati, "Chitupa chili kuti?" Bwana uja anayang'ana wotchi, n'kuti musiyeni azipita, alendo akundidikira kunyumba. Ndinapulumuka chifukwa nyama yake inkapserera pamoto.

Ndinaloza mabokosi. Ndinati awo, dzina langalo, ana akubwera mawa m'mawa. Anati katundu satuluka popanda lisiti, ndipo otulutsa katundu aweruka. Ndibwere Lolemba.

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati zikomo bwana. Ine! Munthu wokhomeredwa kuyambira thwelofu, mapazi atauma gwaa, ndinathokoza. Pakamwa panali podzaza mawu, koma wa mfuti uja anali chiimire pambali panga, galu wake akundinunkhiza siketi. Chimenechi ndiye chikundiwawa kuposa zonse.

Loweruka m'mawa ana anabwera, atasamba ndi kudzola mafuta ngati ndi Khirisimasi, ena atavaliratu maepuloni awo. Holo yokhoma. Woyang'anira anali atapita kwawo ndi kiyi wake. Mayi Dlamini, eni nyumba imene ndimachita lendi, anatitsegulira bwalo lawo. A Tembo anazungulira m'mashopu kupempha makatoni, tinawang'amba, tinatola makala m'mbaula, poti ndi mapensulo omwe anali m'mabokosi aja. Ana anajambula atakhala pansi, mphepo ikuwathira fumbi m'maso, zala zitauma. Anajambula bwino, sindikukana. Koma ine sindinaitane ana a eni kudzakhala pafumbi ndi makala.

Lolemba m'mawa holo anatitsegulira. Ndinasiya ana ndi amayi anzanga, ndinakwera matekisi awiri kubwerera ku Isando. Pakauntala mtsikana yemwe uja. Ndinafotokoza. Anati, "Lisiti?" Ndinati analanda mnzanu wa ovolosi ya buluu. Anapita kuseri, anabwera, amvekere akuti sakukukumbukirani, ndipo lisiti alibe. Nanga bwana? Ali pamsonkhano. Nanga mabokosi a dzina langa? Anati dzina aliyense angathe kulitchula. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti ndine amene munandikhomera Lachisanu. Anatukula mapewa n'kuti, "Haa, ndinu? Shemu!" Chisoni chake chinathera pa liwu limenelo, n'kuitana wotsatira.

Mpaka lero penti ali komweko. Kamsasa kanatha Lachiwiri ndi makala omwewo. Makolo sitinawaitane. Chinsalu chachikulu chija chikadali chopinda, choyera mbee, pansi pa bedi langa.

Ndiye ndikufunsa eni sitoloyo. Potseka mumawerenga mabokosi okha, anthu ayi? Chitseko chotsegulidwa kunja kokha munaikira ogula kapena akaidi? Akanakhala mphunzitsi wachizungu wa m'tauni amene munamukhomera, mukanamukhuthulira chikwama pasimenti? Kapena munangomva kalankhulidwe kanga n'kudziwa kuti uyu kupolisi sangapite?

Abale anga, dzina la sitoloyo sindilemba pano, koma mudzandifunse tikatuluka m'tchalitchi, ndidzakuuzani ndi msewu womwe. Mukapitako, lisiti musalisiye m'manja mwa munthu katundu asanafike m'manja mwanu. Ndipo musalowe nokha.

Mayi Dlamini anena kuti Lachisanu likubwerali avala yunifolomu yawo ya kutchalitchi, aitana amayi a mumsewu mwathu amene ali ndi zitupa zawo, tipitire limodzi kusitoloko, ndipo olankhula akakhala iwo. Ine ndikaima kumbuyo kwawo, ndi ana. Tsiku lomaliza la kamsasa mtsikana wina, Lerato, anandionetsa duwa limene anajambula pakatoni, lakuda bii, n'kundifunsa kuti, "Anti, lofiira tipenta liti?" Eni sitolo inu, ndikubwera naye. Mudzamuyankhe nokha.