Miyala ya a Soazig Kermarrec

Kwathu kuno ku Lanvoran munthu akhoza kukubwereka galimoto, akhoza kukusiyira kiyi wa nyumba yake, koma ukangomufunsa komwe amatola nkhono, akunamiza m'maso muli gwa. Si nkhanza ayi, ndi momwe tinakulira. Nyanja ikaphwa kwambiri, makamaka mu Marichi ndi mu Seputembala pomwe madzi amathawa mpaka kuseri kwa nsanja ya nyali, mudzi wonse umatsikira kugombe ndi madengu ndi mbedza, aliyense kulowera kwake uku akucheukacheuka. Banja lililonse lili ndi miyala yake. Malowo umaonetsa mwana mmodzi yekha, ndiponso umamuonetsa ukaona kuti mawondo ayamba kukana.

Pa bodza limeneli panalibe wofika pa a Soazig Kermarrec, omwe ndakhala nawo moyandikana chikwatiwire. Anali mayi wamfupi, wa manja okhakhala chifukwa chodula mitu ya nsomba kufakitale kuyambira ali mtsikana. Amuna awo anamira panyanja mwana wawo yekhayo, Gwenola, asanayambe sukulu, ndipo chomwe chinamulera mwanayo ndi nkhono. Sindikunena tinkhono tam'mchenga timatola tonsefe iti. Iwo ankabwera ndi zomwe timazitcha ormeau, nkhono zazikulu ngati chikhatho zija, zomata kunsi kwa miyala, zomwe ena a ife timatha chaka osaona n'imodzi yomwe. Ukakumana nawo akukwera kuchokera kugombe, dengu lolemera mpaka phewa kupendekeka, pamwamba ataphimba ndi ndere, ankayamba ndi iwo kudandaula: "Lero ndiye kulibiretu, nyanjayi yatha." Amuna a m'mudzi muno anayesa kuwalondola. Iwo akazindikira ankangokhala pamwala n'kumadya buledi wawo wa batala mpaka olondolawo atagwa mphwayi. Ine zinkandipsetsa mtima, sindibisa, chifukwa fungo la ormeau zokazinga linkalowera pawindo langa ine ndikudya mbatata zophikaphika.

Mutu wawo unayamba kusokonekera pang'onopang'ono. Tsiku lina anapita kutchalitchi atanyamula dengu ndi mbedza. Tsiku lina anakalipira wogulitsa buledi kuti wasamutsa sitolo, pomwe sitoloyo ili pomwepo chibadwire ine. Kenako m'mawa wina analowa m'khichini mwanga osagogoda, n'kukhala pampando jombo zili kumapazi.

"Iwe Rozenn, ndinakuuza kuti ndimatola kuti?"

"Munandiuza kuti kunsi kwa katchalitchi ka pachilumba. Ndinapitako, ndinangonyowa pachabe."

"Ndiye si kumeneko," anatero, n'kuyang'ana manja awo. "Gwenola akubwera Loweruka, nyanja iphwa kwambiri. Ndinamuuza kuti ndikamuonetsa. Koma ndikatsinzina ndikuona malo mbwee, ndipo onsewo ndikuwadziwa bwinobwino, mwala uliwonse. Enieni ndi ati? Amayi anga anandionetsa, agogo anaonetsa amayi. Zithere pa ine?"

Ndinafuna kuseka, koma ndinamva chisoni. Munthu ananama mwaluso zaka zonsezi mpaka mabodza ake anam'khalira ngati zoona. Ndiye ndinabwera ndi nzeru yomwe ndinkaiona ngati yapamwamba: tifunse anthu onse komwe anawauza, ndipo malo omwe sanauze aliyense ndiwo enieniwo.

Madzulo ake tinapita kubala ya a Yffig, komwe amuna amamwera mowa wa maapozi uku akutukwana boma ndi nyengo. Ndinawafotokozera nkhani yonse. Kenako a Yffig anati iwo anauzidwa kuseri kwa nsanja ya nyali. A Corentin, omwe amabwereketsa timabwato kwa alendo odzaona malo, anati ayi, iwo ndiwo anauzidwa kuseri kwa nsanja, a Yffig anauzidwa kwina.

"Iwe unalipo pomwe ankandiuza?" anafunsa a Yffig.

"Unandiuza wekha utaledzera, mphuno ngati nkhanu yophika iwe!"

Wina anati anauzidwa malo awiri. Wina anatchula malo, kenako anasintha, kenako anati wayiwala. Apa m'pamene ndinazindikira chomwe chinkachitika. Aliyense anayamba kuganiza kuti mwina iye yekha ndi amene anauzidwa zoona, ndiye anayamba kubisa bodza lomwe ananamizidwa, n'kumatchula lina lopeka pomwepo. Anthu akuluakulu, a imvi zawo, kunamizana za bodza la eni! Pomwe tinkatuluka n'kuti gombe lonse litatchulidwa, kuyambira padoko mpaka kumanda, osatsala ndi mwala umodzi womwe. A Soazig anandigwira mkono n'kundifunsa ngati tinabwera kumaliro.

Gwenola anafika Loweruka m'mawa kuchokera ku Rennes komwe amagwira ntchito kuchipatala cha mano. Ali mtsikana ankadana ndi fungo la ndere, ndipo anathawa kuno atangomaliza sukulu. Tsopano anabwera atagula jombo zatsopano zachikasu, nkhope ili ndi mantha omwe ankayesa kubisa ndi nthabwala. Anandikokera pambali n'kunena kuti za nkhonozo alibe nazo ntchito kwenikweni, koma akufuna amayi ake amupatse chinthu chimenechi ndi manja awo nthawi isanathe. Ndinamuuza kuti asadandaule, ngakhale ineyo sindinkadziwa kolowera.

Nyanja inaphwadi, mchenga kuyalika mpaka kosaoneka. Alendo anali paliponse ndi tizidebe tawo ta pulasitiki, ena akujambula nsanja, ena akugubuduza miyala osaibwezera momwe anaipezera. Zimenezi zimandiwawa kwambiri moti ndinakalipira bambo wina wa chipewa chachikulu mpaka mkazi wake anapepesa. A Soazig anatitsogolera kumanzere molimba mtima, tinayenda mpaka pafupi ndi chilumba, kenako anaima n'kunena kuti ndani watibweretsa kuno. Tinabwerera. Anatilowetsa m'matope ofika m'mawondo, jombo imodzi ya Gwenola inatsalira momwemo, tinachita kuikoka awiri. Anatizungulitsa mwala umodzi kawiri, ulendo wachiwiriwo akuulonjera ngati munthu. Gwenola ankangoti, "Musafulumire amayi, ganizani bwino," koma maso ake anali kunyanja, chifukwa madzi athu akayamba kubwerera sadikira munthu.

Titatopa tinakhala pansi pafupi ndi doko pomwe tinayambira. Ndiye kunabwera mnyamata wina wa ku Paris, kamera ili pakhosi, n'kufunsa mwaulemu ngati agogowa akudziwa komwe kumapezeka nkhono zikuluzikulu. Mukanaona nkhope ya a Soazig! Inawala ngati wina wayatsa nyali mkati mwake.

"Mwafunsa munthu woyenera, bambo," anatero ndi mawu okoma. "Mukuiona nsanjayo? Pitani molunjika, mukadutsa mwala wakudawo mukhotere kumanja. Kumeneko mukachita kusankha. Koma musauze munthu."

Mnyamatayo anathokoza mpaka kuwerama. Atangotembenuka, a Soazig anadzuka, kunyamula dengu, n'kulowera mbali ina, liwiro lake ngati mtsikana. Sanayang'ane kumanzere kapena kumanja. Ife awiri tinayang'anana pakamwa pali yasa, ndipo pomwe tinkadzuka n'kuti atazimiririka kuseri kwa khoma lakale la doko.

Tinawafunafuna ndithu. Tinakawapeza pomwe sindikanaganizira n'komwe, kunsi kwa khomalo, pamalo pomwe mudzi wonse umadutsa ukamathamangira kutali. Panali mng'alu wobisika ndi ndere, woti sungauone usanagwade. A Soazig anali atagona cham'mbali m'madzi, mkono wonse uli mkati mpaka paphewa, ndipo m'dengu munali kale ormeau zingapo, zonenepa, zikufinyafinya. Zaka zonse zija ine ndikunyowa kuchilumba, zinthu zili pansi pa mphuno yanga! Gwenola anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe, n'kuthamangira komweko.

"Amayi! Mwapapeza! Ndi pano eti?"

A Soazig anasolola mkono msangamsanga, anazula ndere n'kuphimba dengu, kenako anakhala tsonga kutsekereza mng'aluwo ndi msana. Anamuyang'ana Gwenola kuyambira kujombo mpaka kumutu, n'kutembenukira kwa ine.

"Rozenn, ndiwe munthu woipa. Wekha wandilondola, ndiye wanditengeranso mlendo?"

"Mlendo uti? Uyu ndi Gwenola, mwana wanu."

"Usandipusitse. Gwenola ali kusukulu." Kenako anamwetulira mokoma muja anachitira ndi mnyamata wa kamera. "Pepani mayi, pano palibe kanthu, ndimangosamba m'manja. Ndi timiyala chabe, ndikusungira kamwana kanga, kalibe bambo. Inu pitani apo, pamchenga woyerawo. Mukakumba pamenepo mudzaza dengu."

Ndinayembekeza kuti Gwenola akuwa kapena awagwedeza mapewa. Koma iye anangofunsa motsitsa mawu:

"Kamwana kanuko mudzakaonetsa liti?"

"Kakakula," anayankha a Soazig. "Panopa kamati ndere zimanunkha. Koma kadzabwera, ndikukadziwa ine."

"Zikomo amayi," anatero Gwenola.

Anatembenuka n'kupita pomwe anamulozerapo, pamchenga woyera pomwe ngakhale mwana wa kuno amadziwa kuti sipakhala kanthu. Anagwada n'kuyamba kukumba ndi manja, msana ukugwedezeka. A Soazig anamuyang'anitsitsa mpaka atakhutira kuti sakucheuka, ndiye anagonanso cham'mbali n'kubwezera mkono mumng'alu muja. Madzi anali atayamba kubwerera, akukwawa m'timifuleni ta mumchenga, ndipo ine ndinaima pakati pawo dengu langa lili lopanda kanthu, osadziwa woyamba kukamudzutsa.