Zimene Ndinanong'oneza a Namakhwa

Ndikukumbukira chaka chimene nyanja ya Chilwa inayamba kutithawa. Madzi anabwerera kutali moti padooko la Kachulu mabwato ankangogona m'matope, ndipo mphepo ikaomba inkabwera ndi fumbi loyera la mchere lolowa m'mano. Asodzi anawatsatira madziwo. Achimwene anga a Lusiyano nawonso anapita kukakhala pa zimbowera, timisasa timene asodzi amamanga pa udzu woyandama pakati pa nyanja n'kumagona momwemo kwa miyezi. Ponyamuka anati abwera mpunga usanache. Mpunga unayamba kucha iwo osaoneka, ndipo anthu obwera ndi matemba kuchokera kumeneko ankanong'onezana kuti kwagwa kolera. Amayi anasiya kufunsa mokweza. Ankangopita kudooko m'mawa, n'kubwerako ali chete.

Ine ndinali Fomu 1. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita ndi mng'ono wanga Edina kukapirikitsa mbalame m'munda mwathu ku sikimu ya mpunga ya Likangala. Amene sanaigwirepo ntchito imeneyi asaichepetse. Umakhala pansanja, kukoka chingwe cha zitini, kukuwa mpaka mawu kusasa, koma mpheta zimangosamukira kumunda wa mnzako kukadikira kuti utope. Pofuna kuti dzuwa liyendeko, ndinkanyamula buku la Chizungu la mulaibulale ya kusukulu. Ndinkawerenga Chizungucho chamumtima, kenako n'kumufotokozera Edina m'Chinyanja, dzanja lina lili pachingwe.

Mabukuwo anali a nkhani imodzi yopitirira, atatu, koma kusukulu kwathu anafika awiri okha. Lachitatu palibe analionapo. Nkhani yake inali ya dziko limene mvula inaleka kugwa, akuluakulu n'kutsekera madzi onse mumzinda wa mpanda wautali. Anyamata oyamba kubadwa ankawagwira kuti azikakumba ngalande pansi pa nthaka, ndipo mtsikana wina anauyamba ulendo wokafuna mlongo wake amene anatengedwa. Anzanga a kusukulu ankati ndi nkhani yoopsa ya m'tsogolo. Ife tinkakweza maso n'kuona nyanja yathu yong'ambikang'ambika, ndipo tsogololo silinkaoneka lakutali kwenikweni.

Vuto linali Edina. Mwana uja anaitenga nkhaniyo n'kuisandutsa yathu. Tsiku lina ali kusenda nzimbe ndi mano anangoti, "Achemwali, mtsikanayu akawapeza achimwene ake, nafenso a Lusiyano abwera." Ndinamuseka, koma iye sanaseke. Kuyambira pamenepo ankandifunsa tsiku ndi tsiku ngati wawapeza. Buku lachiwiri linathera pamene mtsikana uja anaima pakhomo la mgodi, atamva likhweru longa la mlongo wake kuchokera pansi. Ndinatembenuza tsamba, n'kupeza chikuto basi. Mathero amene Edina ankadikira munalibe.

Ndiye kunamveka kuti mafilimu a mabuku omwewo, onse atatu, afika kuvidiyo ya a Namakhwa. A Namakhwa anali bambo wamfupi wa mawu aakulu, ndipo nyumba yawo ya vidiyo inali chisakasa cha bango chokutidwa ndi mapepala akuda apulasitiki. Masana mkatimo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo munkanunkha thukuta, utsi wa jenereta ndi mlamba wowamba. Iwo ankakhala pambali pa kanema ndi maikolofoni, kumasulira filimu ikuyenda. Chizungu sankachidziwa, ndipo sankabisa. Ankangoyang'ana zithunzi n'kumapeka zimene anthuwo ayenera kuti akunena.

Filimu yoyamba inandipsetsa mtima. Mtsikana amene ine ndinkamuona m'mutu mwanga anali woonda, wa zidendene zong'aluka ngati zathu. Wa mufilimu anali ndi tsitsi lopesa bwino ndi milomo yonyezimira, atayenda m'chipululu mlungu wathunthu. Edina anandigunyuza n'kuti, "Ameneyu ludzu salidziwa." M'buku munali masamba ambiri ofotokoza mmene ankadzukira m'bandakucha kukanyambita mame pa lata lakale, mpaka wowerengawe kukhosi kumauma. Mufilimu zimenezo anangozidumpha n'kuthamangira kophulitsa zinthu. Mayi wokalamba amene anamubisa m'nkhokwe anamuchotsamo. M'malo mwake anakulitsa nkhani ya mnyamata wina wooneka bwino, amene m'buku anali wongonyamula katundu. Mlongo uja, amene buku lonse linkalira dzina lake, anaoneka kamphindi koyambirira kokha.

Pamwamba pa zonsezo panali a Namakhwa. Kwa iwo mzinda wa mpanda unali Zomba, asilikali anali anyamata a kumsika, ndipo mtsikanayo ankathawa ukwati umene amalume ake anamukonzera. Anthu ankafa nako kuseka. Pa filimu yachiwiri ndinalephera kupirira. Pamene iwo anati, "Apa akuti, iwe undikwatira kapena ayi?" ine ndinakuwa mumdimamo kuti si choncho, akufunsa njira ya kumgodi. Nyumba yonse inacheuka. Ndinkayembekezera kuthamangitsidwa, koma filimu itatha anandiitana.

"Mwanawe, ukuzimva zimene amalankhula azunguwa?"

"Ndimamvako, komanso ndinawerenga mabuku ake."

"Ndiye Loweruka, pa filimu yachitatu, udzakhale pafupi nane. Uzidzandinong'oneza, ine ndizidzathira mchere."

Masiku otsalawo sindinadye bwino. Edina ankauza aliyense pamjigo kuti Loweruka tidziwa za a Lusiyano. Ndinayesa kumuuza kuti filimu ndi filimu, anthu ake ndi ongoyerekezera, koma ankangondiyang'ana ngati ndine wosazindikira. Ndinaganiza zonamizira kudwala. Ndinapempheranso kuti jenereta ife, ngakhale ndinkadziwa kuti si pemphero loyenera mwana wa m'kwaya. Ndinali ndi mantha enieni, chifukwa ndinali nditaona kale kuti anthu opanga filimuwa mlongo uja analibe naye ntchito. Munthu amene ulibe naye ntchito suvutika kumutaya.

Loweruka masana chisakasa chinadzaza mpaka ana ena kukhala pamiyendo ya anzawo. Ine ndinakhala pa kampando pambali pa a Namakhwa, Edina ali pansi kutsogolo, maondo atawakumbatira. Poyamba zinayenda. Ndinkanong'ona, iwo n'kukuza ndi kuwonjezera zawo, anthu n'kumaomba m'manja. Mtsikana uja analowa mumgodi, anamasula anyamata ambirimbiri, nayamba kuyang'ana nkhope imodziimodzi. Kenako anafika kwa mkulu wina wa ndevu zaimvi. Mkuluyo anamugwira paphewa n'kulankhula pang'onopang'ono, mawu osavuta, oti ngakhale wa Sitandade 5 akanamva. Anati mlongo wako anamwalira ndi matenda chilimwe chatha, tinamuika konkuno.

Sanaonetse mtembo kapena manda. Imfayo inali m'mawu okha, ndipo m'nyumba monsemo amene anawamva ndinali ine. A Namakhwa anapendeketsa khutu. Ndinamva fungo la fodya wawo. Edina sanali kuyang'ana kanema, ankayang'ana ine.

"Akuti anathawa," ndinanong'ona. "Anawolokera kutsidya. Ali moyo."

"Akuti mphwanga usalire!" anatero a Namakhwa pa maikolofoni. "Mlongo wako ndi dolo, anawazemba alonda, pano ali ku Mozambiki akudya chinangwa!"

Anthu anakuwa ndi chimwemwe, popeza ambiri a ife agogo athu anachokera komweko. Pakanema mtsikana uja anagwada pansi n'kuyamba kulira kogwira pamimba. A Namakhwa anandiyang'ana kamodzi, nakhosomola, n'kunena kuti misozi imeneyi ndi ya chisangalalo. Sanandifunsenso kanthu mpaka filimu inatha. Pobwerera kunyumba Edina anandigwira dzanja njira yonse. Sanalankhule, ndipo ine ndinayesa kuti wakhutira.

A Lusiyano sanabwere. Mpunga tinakolola, mvula inagwa, nyanja inabwerera mpaka pa Kachulu, asodzi ena anabwera ndi mabwato awo. Wina anati anawaona akudwala, wina anati anamva kuti anapita kutsidya ndi anzawo. Amalume anayendayenda kufunsa mpaka njinga inatha matayala. Patapita nthawi, akumpingo anabwera kudzachita mapemphero pakhomo, opanda bokosi. Edina sanatchulenso za filimu ija, inenso sindinaiyambe.

Masiku ano zinthu zinasintha. Chisakasa cha a Namakhwa chinagwa kalekale, ndipo pamalopo pali kashopu kotchajira mafoni. Ana a Edina amaonera mafilimu pafoni, omasuliridwa kale m'Chichewa, ndipo akatopa amakankha ndi chala kuti aone mathero. Sadziwa kudikira nkhani mpaka Loweruka. Ngakhale pa zimbowera pali timagetsi ta sola ndi mafoni, moti msodzi akachedwa amaimba kuti musadandaule, ndili bwino. Ndimati ndikaona zimenezi ndimakondwa, komanso zimandiwawa kuti zinachedwa kufika.

Chaka chatha ndili ku Zomba, kumene ndimagwira ntchito tsopano, ndinaliona buku lachitatu lija pa mulu wa mabuku akale amene mnyamata wina amayala m'mbali mwa msewu. Ndinaligula osanenerera mtengo. Ndinaliwerenga Lamlungu lonse osaphika. M'bukumo mlongo uja sanafe. Mtsikanayo anamupeza m'ngalande ya pansi penipeni, woonda, diso limodzi litawonongeka, koma wamoyo, ndipo anamubereka kumsana mpaka kunja. Opanga filimu ndiwo anamupha, mwina kuti nkhani ifupike.

Ndinamuimbira Edina pompo. Ndinamuuza zonse, kuyambira zimene mkulu wa ndevu uja ananena mpaka zimene ine ndinanong'oneza. Pafoni pankamveka nkhuku ndi mwana akulira chapatali.

"Ndinkadziwa, achemwali," anatero. "Munthu wosangalala salira atagwira pamimba. Amayi ankalira choncho kuseri kwa bafa."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Munkanjenjemera. Ndinati ndikanena, mudziwa kuti a Lusiyano sabwera."

Zaka zonsezi ndinkati ndinamutchinjiriza mwana, osadziwa kuti mwanayo ndiye ankandisunga ine. Kenako iye anafunsa ngati m'bukumo anamupezadi, ndipo ndinati inde, anamupeza.

"Ndiye mukamabwera mudzalitenge," anatero. "Mudzandiwerengere pamene akumutulutsapo. Pang'onopang'ono, osadumpha."