Gitala ya pa Malire Imene Anagula a Damiyano

A Damiyano Kapalamula a ku Kabwazi ndi mlimi wa kachewere, koma anthu amawadziwira gitala, poti akhala akuimbira kwaya ya kutchalitchi kuyambira ali mnyamata. Chaka chatha anagula gitala yamagetsi yakale kwa wamalonda wina pa malire a Mozambique. Inkalira mokoma modabwitsa, ndiye anafuna kudziwa mtundu wa mapikapu ake, tizida tija timakoka mawu kunsi kwa nsambo.

Atamasula, anapeza kuti pikapu imodzi inali ya kufakitale. Inayo inali yopanga pamanja: kathabwa ka mkungudza, maginito a m'wailesi, ndi waya wokulungidwa n'kumatidwa ndi phula la njuchi. Ataona mfundo ya wayayo, anadzidzimuka.

"Mwatani, bambo?" anafunsa akazi awo, a Elena.

"Iyi ndi ntchito ya achimwene, a Lusiyano. Taonani mfundoyi. Palibenso wina amamanga waya chonchi."

"Aja munawalira maliro ine ndisanabwere pakhomo pano?"

"Omwewo. Koma thabwali ndi latsopano, likununkhirabe!"

A Lusiyano anawolokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo kunabwera uthenga woti anafera komweko.

M'mawa mwake a Damiyano anabwerera kwa wamalonda uja. Iye anati gitalayo anaikonzetsa kwa mkulu wina wotsimphina, wokonza mawailesi ku Ulongwe, ku Mozambique. Atafikako n'kuona nkhope ya mkuluyo, a Damiyano anazindikira kuti anali a Lusiyano. Anangokhala pansi pakhonde. A Lusiyano anasiya wailesi imene ankakonza, n'kuwaitana ndi dzina lawo la paubwana.