Njerwa za Bambo Zinali Zakupsa

Tsiku loika maliro a bambo anga ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba m'siwa anali atasasa mawu, ndipo panja chiperoni chinkawaza. Ndinakoleza moto kuseri kwa nyumba, nkhuni zonyowa zikundiliza ndi utsi.

Bambo anga anali mmisiri wowotcha njerwa ku Lirangwe. M'zaka zija za Chitaganya anagulitsa mauvuni atatu ku kampani ina yomanga nyumba ku Chileka. Ndalama sizinabwere. Kunabwera kalata yonena kuti njerwazo zinali zosapsa. Patapita miyezi kampaniyo inagwa. Mkulu amene khoti linamuika kuti agawe katundu wake analipirako ena, koma kwa bambo anati ngongole yawo inali kale pamkangano, iyambe yaweruzidwa. Ndalama za loya tinalibe. Bambo anapondaponda ku Blantyre zaka ziwiri, kalata ili m'thumba. Za ndalama sankadandaula kwenikweni. Chinkawawawa ndi liwu lija lakuti zosapsa.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena wapansi, ena panjinga. Ambiri anali amisiri, manja okhakhala ngati a bambo. Pakati pawo panali mwamuna wa jekete lonyowa amene sitinkamudziwa. Anagwada pakhomo pa siwa napempha kuonana ndi mayi.

"Mayi, ine ndinali kalaliki wa kampani ija. Kalata ndinalemba ndine, bwana atandilamula. Njerwa zinalibe vuto. Nyumbazo zili chiimire mpaka lero."

Achimwene anga anadzambatuka mwaukali. Mayi anawagwira mkono.

"Musandiuze ine, bambo," anatero. "Mukawauze eni ake kumanda."

Tinanyamuka masana, kumwamba kutayera pang'ono. Amuna ankalandizana bokosi m'njira yoterera, nyimbo ikutsatira pambuyo. Adzukulu atalitsitsa m'manda, mlendo uja anavula chipewa nanena zonse pamaso pa mpingo ndi amisiri. Palibe anamudzudzula. Mkulu wina anangomupatsa khasu, ndipo anakwirira nawo mpaka thukuta kamukamu.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Mayi anakhala pamphasa atatambalala, akumasula duku. Ndinawafunsa ngati tingapite kukhoti, popeza mboni yapezeka.

"Katundu wa kampaniyo anagawana kale, mwanangu."

Kenako anaseka pang'ono, koyamba sabata yonseyo.

"Koma bambo akowo! Akanamva zija ndi makutu awo, bwenzi tisakupuma mwezi wathunthu ndi matama."