Aneba Anga ndi Mbalame Yosadziwika Dzina

Bambo okalamba a nyumba yoyandikana ndi yanga sadziwa kutsogola. Pampopi, pokwera basi, ngakhale pakanjira kopapatiza, amabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "Yambani inu, dziko silikuthawa." Chimwalirireni amuna anga ndiwo amandikonzera mpanda, ndipo tiyi amene ndimawapatsa amazizira akudikira kuti ndiyambe kumwa ine.

Akazi awo ali moyo, panali mbalame ina imene inkalira mumtengo wa kuseri kwawo. Mtengowo unadulidwa, mbalameyo sinabwerenso, ndipo dzina lake salidziwa. Atamva kuti kulaibulale kukubwera mlembi wa nkhani za mitengo ndi mbalame za kuno, anasita jekete n'kundipempha kuti ndiwaperekeze. Ankafuna akamuimbire mluzu wa mbalameyo kuti awauze dzinalo.

Nthawi ya mafunso itakwana anakweza dzanja, mlembiyo n'kuwaloza. Mwatsoka, ine ndinkakonza mpango kumutu, ndipo aneba angawo anayesa kuti nanenso ndakweza dzanja.

"Yambani inu, mayi," anatero.

"Ayi, ndilibe funso," ndinanong'ona.

"Musachite manyazi, funsani."

Tikukankhizana choncho, bambo wina wovala tayi anaimirira n'kuyamba kufotokoza za munda wake, mpaka woyang'anira laibulale ananena kuti nthawi yatha, mlendo akuthamangira basi.

Pobwerera sanadandaule. Titafika pachipata changa anayamba kuimba mluzu uja, wotsika pang'onopang'ono, koma analekezera pakati.

"Kapena umayamba n'kukwera? Malemu akazi anga ndiwo ankautha bwino," anatero, maso ali pansi. "Chaka chatha ndinkaukumbukira wonse."