Bambo Okwirira Moto wa Ana

Bambo a kuseri kwa khola langawa amanditopetsa, koma ndinene zoona. Fodya anasiya kulima, maondo anatha, ntchito yawo tsopano ndi kulondola utsi. Ana akangokoleza moto wootchera mbewa, iwo afika kale ndi kakhasu kawo.

"Yambani mwapala pansi, udzu ukhale kutali. Tsatsa pansi, zikuni pamwamba. Iwe Lusiya, khala kochokera mphepo, deresi lakolo ndi la nayiloni."

Mwana sachoka mpaka moto aukwirire ndi dothi, iwo n'kuika chikhatho paphulusa. Tsiku ndi tsiku mawu omwewo, ngati katekisimu.

Chilimwe chathachi anyamata a chipani anabwera kudzatikusa kuti tipite kumsonkhano ku Nachisaka. Ana anabalalika, moto n'kuusiya ukuyaka pafupi ndi mitolo yanga ya udzu wofolerera, umene ndinamweta mwezi wathunthu ndi msana wanga uno. Ine ndinali kale pamzere, koma bambo aja anyamatawo anawapeza ali pamotopo.

"Madala, tiyeni."

"Ndikubwera, ana anga. Motowu sunamve za msonkhano."

"Mukuderera chipani?"

Bambowo anagwada n'kumakwirira pang'onopang'ono, mnyamata wina atawagwira kolala. Atamaliza, anyamatawo anawayendetsa patsogolo ngati mbuzi yopita kumsika, ndipo kumeneko anawakhazika padzuwa tsiku lonse.

Mvula yabwera, nyumba yanga sikudontha. Bambo aja ndinawapititsira chipanda cha thobwa. Anamwa lonse, kenako n'kundiuza kuti phulusa langa ndimataya pafupi kwambiri ndi nkhokwe.